Munthu Wachitatu pa Kontrakiti ya ku Joni

Pangano limakhala la anthu awiri, koma pali mlandu wina wa pangano umene umafuna anthu atatu. Awiri oyambawo amagwirizana kanthu: uyu agwira ntchito, uyo alipira, uyu abweretsa katundu, uyo agula. Wachitatu amatulukira kumbali n'kunyengerera mmodzi wa iwo kuti aswe zimene adalonjeza. Malamulo a ku South Africa, komanso a kwathu ku Malawi amene tidatengera kwa Angerezi, amalola wolakwiridwayo kusumira munthu wachitatu ameneyu ngakhale kuti sadasaine nawo pepala lililonse. Khoti lingathe kupereka zinthu ziwiri: chiletso, cholamula wosokonezayo kuti aleke, ndi chipukuta misozi, chobwezera ndalama zimene zalowa m'madzi.

M'Chichewa mlanduwu ulibe dzina limodzi lokhazikika, choncho ndikamamasulira zikalata za maloya ndimautchula kuti mlandu wosokoneza pangano la eni. Ganizo lake si lachilendo kwa ife. Mwamuna wolowerera banja la mnzake amalipa pabwalo la mfumu, chonsecho pa tsiku la chinkhoswe panalibe chimene iye adalonjeza kwa ankhoswe. Chimene chidandikoka mtima ndi mbiri ya lamuloli m'dera limene ndikukhala, ku Germiston, kum'mawa kwa Johannesburg. Kuno lamulo loteteza pangano lidagwira ntchito mwamphamvu kwa zaka pafupifupi 80, ndipo mwa anthu amene lidawagwira munali agogo athu ochokera ku Nyasaland. Koma chitetezocho chinali cha mbali imodzi. Mgodi unali ndi zida zonse zothamangitsira munthu wachitatu, pamene wokumba golide analibe ngakhale chimodzi.

Tauni ya Germiston idayamba ndi golide. Mu 1886, chaka chimene miyala ya golide idapezeka ku Witwatersrand, amalonda awiri, John Jack wa ku Scotland ndi August Simmer wa ku Germany, adapeza malo pa famu ya Elandsfontein, ndipo mgodi wawo udatchedwa Simmer and Jack. Dzina la tauniyi Jack adalitenga ku famu ina ya kwawo, kufupi ndi Glasgow. Njanji zochokera kumadoko zidadzakumana pano, ndipo mu 1920 eni migodi adakhazikitsa Rand Refinery, fakitale yoyenga golide imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Mapiri achikasu a dothi lofukulidwa pansi akuonekabe m'mbali mwa misewu, ngakhale ambiri akugumulidwa kuti atsukemo golide wotsalira.

Lamulo limene lidadzalamulira antchito a m'migodi imeneyi lidabadwira kutali. South Africa ili ndi malamulo ake ochokera ku Rome ndi ku Holland, koma pa nkhani ya bwana ndi wantchito idatsanzira England. Kumeneko mliri waukulu wa mu 1348 ndi 1349 udapha anthu ochuluka zedi, moti eni minda adayamba kulimbirana antchito ochepa amene adatsala, malipiro n'kukwera. Mfumu Edward III idalamula mu 1349, ndipo nyumba ya malamulo idatsimikiza mu 1351, kuti malipiro abwerere pamene anali mliri usadafike. Wantchito wochoka nthawi yake isadakwane ankatsekeredwa m'ndende, ndipo bwana wina womulandira ankalangidwanso. Munthu wachitatu woyamba m'mbiri ya lamuloli anali bwana wofuna kulipira ndalama zambiri kuposa mnzake.

Patapita zaka 500, lamuloli lidatuluka m'minda n'kulowa m'nyumba za zisudzo za ku London. Woimba wina wotchuka wa ku Germany, Johanna Wagner, adasaina kontrakiti yoimba pa Her Majesty's Theatre, imene ankaiyendetsa Benjamin Lumley. Frederick Gye wa ku Covent Garden adamulonjeza ndalama zoposa pamenepo, mayiyo n'kuvomera. Mu 1852 Lumley adatenga chiletso choti Wagner asaimbe kwa Gye, kenako adasumira Gye yemweyo. Mu 1853 khoti la Queen's Bench lidagamula kuti munthu wonyengerera dala mnzake kuswa kontrakiti angathe kusumiridwa, ngakhale wonyengereredwayo asakhale wantchito wamba. Woweruza mmodzi, Coleridge, adakana, ponena kuti mlandu wotere udachokera m'malamulo akale a antchito aja ndipo suyenera kupitirira pamenepo. Anzake adamuposa, ndipo chigamulo cha Lumley ndi Gye ndicho chimaphunzitsidwa mpaka lero m'sukulu za malamulo. Koma tione chinthu chimodzi. Johanna Wagner sadalowe m'ndende. Mlandu wake unali wa ndalama ndi chiletso, wokambirana anthu ovala majekete.

Kum'mwera kwa Africa zidayenda mwina. Dziko la Cape lidakhazikitsa lamulo la Masters and Servants mu 1856, ndipo Transvaal idakhazikitsa lake mu 1880. M'malamulo amenewa kuswa kontrakiti kunali mlandu wa upandu kwa wantchito: kuthawa ntchito, kujomba, kukana lamulo la bwana, zonsezi zinkamufikitsa munthu kwa majisitireti. Eni migodi ya golide anali ndi chifukwa chawochawo cholikondera lamulo lotere. Miyala ya ku Witwatersrand ndi yambiri, koma golide wake ndi wochepa pa tani iliyonse ndipo ali pansi kwambiri. Mtengo wa golide sankauika iwo. Malo amodzi amene akadatha kufinya kuti phindu lioneke anali malipiro a munthu wakuda.

M'zaka zoyambirira migodi inkaberana antchito. Panali anthu amene lero tikadawatcha madobadoba, odikirira m'njira ndi m'masiteshoni, amene ankagulitsa gulu la anthu ku mgodi uwu, mawa n'kulinyengerera kuti lithawire ku mgodi wina kuti alandirenso ndalama. Wantchito naye ankadziwa kuwerenga: akamva kuti kwina akulipira bwino kapena kapitawo wake samenya, ankanyamuka usiku. Bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, lidayankha ndi njira ziwiri. Yoyamba inali ya boma. Mu 1895 Transvaal idakhwimitsa lamulo la pasi m'madera a migodi kuti wothawa azigwidwa msanga, ndipo mu 1911 boma la Union of South Africa lidakhazikitsa Native Labour Regulation Act. Lamuloli lidati wolemba anthu ntchito akhale ndi laisensi, kontrakiti itsimikizidwe pamaso pa mkulu wa boma, wantchito woiswa amangidwe, ndipo womunyengerera kuti athawe alangidwenso.

Njira yachiwiri inali yoti migodi ileke kupikisana. Mu 1900 adakhazikitsa Witwatersrand Native Labour Association, imene tonse timaidziwa kuti Wenela, kuti ikhale khomo limodzi lolemberapo anthu akunja. Mu 1912 adawonjezera Native Recruiting Corporation yolemba anthu a m'dziko momwemo ndi m'maiko oyandikana nalo. Migodi idagwirizananso malire a malipiro, ndipo mgodi wolipira kupyola malirewo unkalipitsidwa chindapusa ndi anzake. Zotsatira zake adaziwerengera katswiri wa zachuma Francis Wilson: malipiro a wokumba golide wakuda mu 1969, tikayerekeza ndi mitengo ya zinthu, sadapose a mu 1911.

Apa ndi pamene ndimaima ndikamawerenga mbiriyi. Ngati kusokoneza malonda a munthu ndiko kumutsekereza kuti asagulitse chake kwa wogula amene wamukonda, ndiye kuti mgwirizano wa eni migodiwu udasokoneza malonda a anthu mazanamazana tsiku lililonse kwa zaka zoposa 60. Katundu yekhayo amene mnyamata wa ku Dedza kapena ku Mzimba anali naye anali mphamvu zake, ndipo ogula onse adapangana mtengo umodzi iye asadafike. Lamulo silidautche mlandu umenewu. Lidaona wosokoneza mwa dobadoba ndi mwa wantchito wothawa, koma mabwana opangana m'chipinda lidawaona ngati anthu osunga bata.

Ku Nyasaland Wenela idayamba kulemba anthu mu 1903, ndipo oyamba kudandaula anali azungu a minda ya ku Shire Highlands. Kwa iwo Wenela ndiye anali munthu wachitatu, wodzawalanda anthu amene ankawadalira pa thangata ndi pa malipiro ochepetsetsa. Mkanganowo unali wa mabwana okhaokha, wolimbirana kuti mwini wake wa thukuta la munthu wa ku Nyasaland ndani. Padalinso imfa. Anthu ochokera kumaiko otentha ankafa kwambiri ndi chibayo m'makomponi ozizira a ku Rand, moti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ndipo Nyasaland inali m'gulu loletsedwalo.

Chiletsocho sichidaimitse ulendo. Msonkho unkafunikabe, ndipo anthu ankapita okha wapansi, ulendo umene ankautcha wa selufu, kudzera ku Tete ndi ku Southern Rhodesia, akugwira maganyu m'njira. Mmodzi mwa anyamata amene adayenda ulendo wotere anali Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu. Adagwirapo ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kenako pa mgodi wa malasha ku Dundee, n'kudzakhala kalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, tauni yoyandikana ndi Germiston, mpaka pamene adapita ku America mu 1925. Munthu wa selufu ankasankha yekha bwana, koma popeza adalowa mozemba, analibe poti n'kudandaula bwanayo akamubera. Mu 1935 komiti ya boma la atsamunda yotsogozedwa ndi Travers Lacey idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja, ndipo ambiri anali atasanduka matchona. Boma lidaona kuti kuli bwino ulendowo ukhale wa kontrakiti, woti munthu azibwerera ndi ndalama. Wenela idaloledwanso kulemba anthu, ndipo pofika 1937 chiletso cha madigiri 22 chija chidachotsedwa.

Akuluakulu amene adapita pa Wenela amafotokoza njira yake mofanana. Munthu ankapimidwa m'thupi, ankamuwerengera kontrakiti kudzera mwa womasulira, iye n'kudinda chala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ambiri ankakwera ndege ya Wenela mpaka ku Francistown, kenako sitima mpaka ku depoti ya ku Johannesburg imene ankaitcha Mzilikazi, kumene ankagawidwa m'migodi. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi kontrakiti ikatha. Monga womasulira, ndimamuganizira kwambiri mnzanga wa pa tebulo lija. Mawu oti pangano m'Chichewa amanena za anthu awiri amene aliyense angathe kukana, ndipo likasweka amakhala pansi n'kukambirana. Chimene chinali papepalalo chinali china: mbali imodzi ikaswa inkapita kundende, inzake ikaswa nkhani inkathera mu ofesi ya komponi. N'chifukwa chake anthu adangotenga liwu lachingerezi lija n'kulipinda lilime, kontrakiti, ndipo ena ankangoti chibalo.

Antchito akayesa kugwirizana, lamulo linkawaona iwowo ngati munthu wachitatu. Mu Febuluwale 1918 okumba migodi a ku East Rand adanyanyala masitolo a pafupi ndi makomponi, chifukwa nkhondo idakweza mitengo pamene malipiro adaima pamodzimodzi. Apolisi adabwera kudzateteza malonda a eni masitolo, n'kumanga amene ankaimirira pakhomo kuletsa anzawo kugula. Chaka chomwecho ku Johannesburg antchito 152 otaya zidebe za m'zimbudzi adanyanyala ntchito pofuna kuwonjezeredwa malipiro, ndipo adagamulidwa miyezi iwiri ya ukaidi chifukwa choswa kontrakiti. Mu Febuluwale 1920 okumba golide pafupifupi 70,000 adachita sitalaka, ndipo apolisi ndi asilikali adazinga makomponi mpaka anthu adabwerera pansi.

Sitalaka yaikulu idadza pa 12 Ogasiti 1946, motsogozedwa ndi African Mine Workers' Union ya J.B. Marks, imene inkafuna masheleni 10 pa tsiku. Nthawi imeneyo malamulo a nthawi ya nkhondo anali ataletsa kale anthu akuda kuchita sitalaka, komanso kusonkhana anthu oposa 20 pamalo a mgodi. Tsiku lotsatira gulu la okumba migodi a ku East Rand lidayamba kuyenda kulowera ku Johannesburg kukaitanitsa mapasi awo kuti azipita kwawo. Ankafuna chinthu chimene wamalonda aliyense amachiyesa ufulu wake, kuchoka pa malonda amene sakumupindulira. Apolisi adawabweza ndi mfuti ndi zibonga. Sabata imeneyo anthu osachepera 9 adafa, oposa 1,200 adavulala, ndipo anthu oposa 50, pamodzi ndi Marks, adazengedwa mlandu wothandizira sitalakayo. Mtsogoleri wa bungwe la antchito adalowa pamalo pamene padali dobadoba: munthu wonyengerera wantchito wa eni kuswa kontrakiti.

Dongosololi lidagwedezeka mu 1974, ndipo amene adaligwedeza anali anthu achitatu awiri amene khoti lililonse la ku South Africa silikadatha kuwaitana. Woyamba anali kalaliki wa ku Witwatersrand Deep uja, tsopano ali pulezidenti. Boma lake lidasaina pangano la antchito ndi South Africa mu 1967, ndipo pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, chifukwa mafuta ake anali atasakanizidwa ndi a mtundu wina. Anthu 78 adafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi. Kamuzu adaimitsa Wenela kulemba anthu m'Malawi, ndipo amene anali kale ku Joni adayamba kubwerera, ena kontrakiti isadathe. Patatha zaka ziwiri Amalawi otsala m'migodi sankafika 10,000. Anthu amatsutsanabe ngati chidamukhudza kwambiri chinali maliro kapena kusowa kwa antchito m'maesiteti a fodya amene ankakula nthawi imeneyo. Chimene chili poyera n'chakuti Chamber of Mines, imene idamangitsa anthu osawerengeka chifukwa choswa kontrakiti, idalibe koti n'kukasuma.

Wachiwiri adachokera ku America. Chaka chomwecho kampani ya magetsi ya Southern Company idayamba kuitanitsa malasha a ku South Africa kudzera pa doko la Mobile ku Alabama. Bungwe la okumba malasha la United Mine Workers, pamodzi ndi loya wamkulu wa boma la Alabama, adatsutsa malondawo pogwiritsa ntchito lamulo la kasitomu la mu 1930, loletsa kulowetsa katundu wopangidwa ndi antchito amene amamangidwa akaswa kontrakiti. Pofuna kupulumutsa malonda a malasha, nyumba ya malamulo ya ku South Africa idafafaniza malamulo a Masters and Servants chaka cha 1974 chisadathe, pamodzi ndi zilango za upandu za pa kontrakiti ya m'migodi. Zimene sitalaka za 1920 ndi 1946 zidalephera kuchotsa zidachoka pamene kontrakiti ya mabwana eni ake idaopsezedwa. M'zaka zotsatira, mtengo wa golide utakwera, Amalawi atachoka ndiponso Mozambique italandira ufulu mu 1975, malipiro a m'migodi adakwera kwambiri kwa nthawi yoyamba m'zaka 60.

Amalawi adabwereranso mu 1977, Wenela itasintha dzina kukhala TEBA, imene kwathu timati Theba, koma sadafikenso pa chiwerengero chakale. Mu 1988 maboma awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza magazi a HIV anthu asadanyamuke, ndipo kulemba anthu kudaima. Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa kwawo. Ambiri anali atagwira makontrakiti angapo motsatizana, ali ndi chikalata chowalonjeza malo akabwerera. Ubale wawo ndi mgodi udadulidwa ndi anthu ena, m'maofesi a ku Pretoria ndi ku Lilongwe, ndipo padalibe khoti limene lidawerengera zimene iwo adataya.

Lero malamulo adasintha. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1996 amapatsa wantchito aliyense ufulu wochita sitalaka, ndipo Labour Relations Act ya mu 1995 imanena kuti sitalaka yotsata ndondomeko si kuswa kontrakiti, komanso wochita nawo kapena woitsogolera sangasumiridwe chifukwa cha iyo. Mlandu wosokoneza pangano la eni udatsala ngati mlandu wa ndalama, ndipo makhoti amaugwira mosamala. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti panali pangano, kuti wachitatuyo ankalidziwa ndipo adachita dala, kuti zochita zakezo n'zosavomerezeka pamaso pa lamulo, ndiponso kuti pali chimene chatayika.

Milandu iwiri ya ku Constitutional Court, khoti lalikulu koposa m'dziko muno, imaonetsa kuchepa kwa khomo limeneli. Kampani ya Country Cloud idakongoza R12 miliyoni kwa iLima, kampani imene inkamanga chipatala ku Soweto. Nthambi ya boma la Gauteng itathetsa kontrakiti yomangayo, iLima idagwa, ngongole osabwezedwa. Country Cloud idasumira bomalo R20.5 miliyoni, koma mu Okutobala 2014 khoti lidakana: boma silidanyengerere iLima kuswa pangano la ngongole, ndipo wokongozayo adalowa malondawo akudziwa kuopsa kwake. Pick n Pay idafuna kuletsa sitolo ya Game kugulitsa zakudya pa CapeGate ku Cape Town, chifukwa mwini nyumba adailonjeza kuti sipadzakhala wopikisana nayo wina. Mu 2016 khoti lidati lonjezolo lidachokera kwa mwini nyumba, choncho ikalimbane ndi iyeyo. M'milandu yonse iwiri oweruza ankasamala kuti lamuloli lisaphe mpikisano wa malonda. Nkhawa imeneyo ikadakhalapo mu 1912, mbiri ya Wenela ikadakhala ina.

Amalawi a ku Germiston lero sali m'migodi. Ali m'mafakitale a ku Wadeville, m'minda ya maluwa ya m'nyumba za eni, pa makina osokera, m'makhitchini ndi m'timashopu ta m'makomboni. Makontrakiti awo ambiri ndi apakamwa. Munthu wachitatu amene amawasokoneza savala jekete ngati Gye. Amabwera ngati gulu pageti la fakitale kudzauza bwana kuti achotse alendo onse pofika Lachisanu, kapena ngati kalata yopatsa mwini nyumba masiku oti atulutse wobwereka shopu. Mu Meyi 2008, pamene anthu 62 adaphedwa m'dziko muno pa zipolowe zothamangitsa alendo, East Rand inali pakati pa moto. Anthu adathawira ku holo ya tauni ya Germiston ndi kupolisi ya Primrose, kenako adasungidwa m'matenti pafupi ndi Rand Airport. Aliyense wa iwo adasiya ntchito, lendi yolipira kale, makasitomala ndi ngongole zimene anthu anali asadamubwezere. Zonsezi ndi mapangano osokonezedwa ndi munthu wachitatu.

Zida zilipo, ngakhale zidafika mochedwa. Mu 2008 khoti la zantchito, pa mlandu wa Discovery Health, lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Dandaulo lotere liyenera kufika pasadathe masiku 30. Mu 2014 khoti la apilo, Supreme Court of Appeal, lidagamula mokomera amalonda a ku Somalia ndi Ethiopia amene apolisi adawatsekera mashopu ku Limpopo, ponena kuti othawa kwawo ali ndi ufulu wopempha laisensi ya malonda. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidapereka chiletso kwa gulu la Operation Dudula kuti lisamaitanitse mapasipoti kwa anthu, lisamawatsekereze kuchipatala ndi kusukulu, ndiponso lisamasokoneze ntchito ndi malonda awo. M'milandu iwiri yomalizayi chida chimene chidagwira ntchito ndi lamulo la khoti, lopemphedwa ndi mabungwe m'malo mwa anthu ambiri. Chipukuta misozi n'chovuta: gulu la pageti lilibe dzina limodzi loti ulilembe pa samani, ndipo loya amadya ndalama zoposa zimene telala amapeza pa chaka.

Pali vuto linanso limene ndimakumana nalo pa tebulo langa. Mayi wina wosoka adabwera kuti ndimuthandize kulemba m'Chingerezi dandaulo lake, atatulutsidwa m'kachipinda kamene ankasokeramo chifukwa anthu ena adaopseza mwini nyumba. Nkhani yake inali yomveka bwino, ndipo anthu atatu aja onse analipo. Nditamufunsa chimene chingaonetse kuti iye ndi mwini nyumbayo adapangana, adati, "Achimwene, tinkangokhulupirirana." Tidafufuza mufoni yake mpaka tidapeza mauthenga a pa WhatsApp onena za lendi ndi zithunzi za malisiti a kubanki, ndipo dandaulolo lidaima pa zimenezo. Lamulo la kuno limavomereza pangano lapakamwa, koma woweruza amafuna kuliona ndi maso, ndipo wosokoneza amakana msanga kuti sankadziwa kuti panali pangano.

Depoti ya mabasi ya mumzinda wa Blantyre imatchedwabe Wenela, ndipo achinyamata akupitabe ku Joni, ambiri pa ulendo umene agogo awo akadautcha wa selufu. Agogowo anali ndi kontrakiti yolembedwa, yodindidwa chala, yosungidwa m'mafayilo a Chamber of Mines, ndipo pepalalo linkagwira ntchito yowamangitsa. Adzukulu afika pa nthawi imene pepala lingathe kuwateteza, koma ambiri alibe. Ndikamasulira kalata ya lendi kapena ya ntchito, ndimapempha mwini wake kuti asunge zonse ziwiri, ya Chingerezi ndi ya Chichewa, ndipo aijambule pafoni asadatuluke pakhomo.